Funsani Adokotala: thupi likungotentha, mankhwala sakugwira, kodi vuto lili mumtima?

Mwezi uno kwafika makalata angapo onena za matenda amodzimodzi ngakhale olembawo sakudziwana, ndiye ndangowaika pamodzi. Ndi matenda a tizilombo tolowa m'mavavu a mtima, tizitseko tamkati mwa mtima toongolera magazi, kuchipatala timati endocarditis. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse.

Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 16 anamupeza ndi vuto la mtima ali Standard 7, anati vavu inaonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi ndipo amabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi sanajombepo. Koma kuyambira Malichi thupi likumangotentha madzulo, usiku thukuta mpaka kunyowetsa chofunda, kudya sakudya, waonda. Ku health centre anati malungo anamwa LA osasintha, tinabwereranso akuti malungo alipobe LA wina, kenako amoxicillin, kenako anati mwina TB anayeza makhololo palibe. Pano kuchipatala chachikulu akuti mwina tizilombo talowa mumtima. Ngati zili choncho bwanji sanaone kalekale miyezi yonseyi? Nanga jakisoni wa mwezi ndi mwezi uja ntchito yake ndi chani ngati tizilombo tikulowabe?
Mayi wodandaula, Lunzu

Mayi pepani kwambiri, njira mwayendayi ndi yotopetsa ndipo ndi yomwe odwala matendawa ambiri amadutsa asanafike pa dokotala woti aganizire za mtima. Ndiyambe ndi jakisoniyo chifukwa ndikuopa mungamusiyitse mwana. Jakisoni wa benzathine penicillin ntchito yake ndi kutchinga kachilombo kamodzi koyambitsa zilonda zapakhosi, ka group A strep, kuti rheumatic fever, nthenda yobwera pambuyo pa zilondazo, isabwerenso nkuonjezera kuononga vavu. Pamenepo akugwira ntchito ndipo apitirize. Koma sanapangidwe kuti atchinge tizilombo tonse, ndiye tina tokhala mkamwa, pakhungu kapena m'matumbo timatha kulowa m'magazi, ndipo tikapeza vavu yokakala kale chifukwa cha zipsera timamatirira pamenepo, magazi nkuundana pamwamba pake, nkupanga kachotupa kamene timati vegetation. Mkati mwa kachotupako asilikali a m'thupi safikamo bwino, tizilombo timangoswana nkumatuluka pang'onopang'ono kulowa m'magazi tsiku ndi tsiku. Kutentha thupi kosathako kumachokera pamenepo.

Tsopano bwanji sanaone msanga. Vuto ndi loti matendawa alibe chizindikiro chawochawo choti munthu ungangoona nkunena kuti ndi amenewa. Kutentha thupi, kuzizidwa, kuphwanya mthupi, magazi kuchepa, kapamba kutupa, zonsezi malungo amachitanso. Thukuta la usiku ndi kuonda, aliyense kuno aganiza TB kapena HIV ndipo sakulakwitsa kuyamba kuyeza zimenezo. Timagazi mumkodzo, ngati mwana amasamba kunyanja kapena kudambo tinena likodzo. Olo kaphokoso kamene dokotala amamva akaika chomvetsera pachifuwa, mwana wanu anali nako kale chifukwa cha vavu yoonongekayo ndiye sikadabwitsa munthu, pokhapokha amene akumudziwa bwino mwanayo nkuzindikira kuti kaphokosoka kasintha. Kachipangizo koyezera malungo ka magazi apachala kaja nakonso kamatha kusocheretsa, kamaonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atamwa kale LA tizilombo ta malungo titafa, komanso ana ambiri kwathu kuno amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala nato. Ndiye kupezeka ndi malungo kachiwiri kuja sikutanthauza kuti malungowo ndi amene amamudwalitsa.

Zizindikiro zimene mabuku amatchula, timizere tofiirira pansi pa zikhadabo ngati munalowa kaminga, timatuza towawa kunsonga za zala, timadontho tosawawa m'manja ndi kuphazi, timadontho tamagazi mkati mwa chikope, zimapezeka mwa odwala ochepa chabe ndipo pakhungu lakuda ngati lathuli ena timawaphonya ngati sitinayang'ane pamalo owala bwino. Dokotala wotchuka William Osler anafotokoza matendawa mwatsatanetsatane ku London mu 1885 ndipo ngakhale iyeyo anavomereza kuti ndi ovuta kuwazindikira, pano tili ndi makina koma vutolo silinathe.

Komabe ndisabise maganizo anga. Munthu amene buku lake lakuchipatala lalembedwa kale kuti ali ndi vuto la vavu, akatentha thupi kupitirira sabata popanda chifukwa chomveka, kapena wamaliza LA koma sakusintha, sayenera kupatsidwanso mankhwala ongoyerekeza. Ayenera kutumizidwa kumene angamutenge magazi a blood culture, oyeza ngati m'magazi muli tizilombo, ndi kumuunika mtima. Ku health centre mzere umakhala wautali, wachipatala mmodzi anthu mazana, ndiye inu makolo muzinena nokha poyambirira penipeni musanafunsidwe kuti mwanayu ali ndi vavu yoonongeka ndipo aka nkachitatu kubwera ndi vuto lomweli, nkutsegula tsamba la bukulo pamene panalembedwa. Ndipo ana otere alipo ambiri kuposa mmene timaganizira, kafukufuku amene anaunika ana 1,450 ku Lilongwe ndi makina a echo, sikani ya mtima, anapeza kuti pafupifupi atatu pa ana 100 alionse anali ndi zizindikiro za rheumatic heart disease, kuonongeka kwa vavu chifukwa cha rheumatic fever ija, koma eniake osadziwa.

Pano poti wafika pa anthu amene akuganizira za mtima, chofunika ndi kuwauza mankhwala onse amene wamwa, maina ake ndi masiku ake, ngakhale amene munagula nokha. Chifukwa chake muchiona pa kalata yotsatirayi.

Amuna anga agonekedwa sabata yachitatu ino. Madokotala akuti ndi endocarditis koma magazi amene anatenga m'mabotolo aja akuti sanamere kanthu, kawiri konse. Ndiye akuwabaya mankhwala a pamtsempha akuti mpaka masabata 6. Ine sindikumvetsa, ngati m'magazi mulibe kachilombo akuchiza chani? Achibale ayamba kunena kuti madokotala akungoyerekeza tiwatulutse tikayese kwina. Asanagonekedwe ndinkawagulira makapisozi ku famase chifukwa ankakana kupita kuchipatala, amaweta mbuzi ndi ng'ombe kumudzi.
Mayi a ana anayi, Mponela

Mayi musawatulutse chonde. Ndikudziwa kuti kukhala pa guardian masabata onsewo ana ali kunyumba si chinthu chapafupi ndipo mawu a achibale amalemera, koma matendawa osachizidwa amapha pafupifupi aliyense amene ali nawo, ndipo ngakhale m'zipatala za mayiko olemera mwa odwala asanu mmodzi amamwalira ali m'chipatala momwemo. Si matenda okayesa nawo kwina.

Blood culture imayenda chonchi. Amatenga magazi nkuthira m'botolo momwe muli chakudya cha tizilombo, nkuliika pamalo ofunda kwa masiku asanu kapena kuposa kudikira kuti ngati muli kachilombo kaswane mpaka kaoneke, akatero amadziwa dzina lake komanso mankhwala amene angakaphe. Zili ngati kufesa pa nazale, mbewu ikakhala yoti inanyikidwa kale m'mankhwala siimera, koma kusamerako sikutanthauza kuti simunafese. Makapisozi munkagula aja ndi amene amachititsa zimenezi nthawi zambiri. Amafoola tizilombo toyenda m'magazi mokwanira kuti tisamere m'botolo, thupi nkuzizirako masiku angapo munthu nkumati ndachira, koma tokhala mkati mwa kachotupa ka pa vavu tili moyo ndithu. Sindikukudzudzulani, munkafuna kuthandiza amuna anu ndipo ma antibiotic kwathu kuno amagulidwa ngati panado, nafenso achipatala timafulumira kubaya ceftriaxone munthu akangofika ndi thupi lotentha magazi tisanatenge. Ichi ndiye chifukwa chachikulu chimene m'mafukufuku angapo a muno mu Africa odwala endocarditis pafupifupi theka, pena kuposa, mabotolo awo samera kanthu, pomwe ku Ulaya ambiri kachilombo kamapezeka.

Katengedwe kakenso kali ndi malamulo. Pamafunika kutenga katatu, pamitsempha yosiyana, motalikirana nthawi, botolo lililonse la munthu wamkulu mamililita 8 mpaka 10, khungu atalipukuta bwino. Akatenga kamodzi kokha timagazi tochepa mwayi wopeza umatsika, ndipo kakamera kachilombo m'botolo limodzi lokha sumadziwa ngati kachokeradi m'magazi kapena kangochokera pakhungu pobaya. Vuto lina ndi loti kuyeza kumeneku kumapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu, ku Queens ku Blantyre kwakhala kukuchitika mosadukiza kuyambira 1998 mothandizana ndi a Malawi Liverpool Wellcome, koma odwala ambiri amayambira kutali ndi malo otere ndipo pofika amakhala atamwa kale mitundu iwiri itatu ya mankhwala.

Koma mwatchula za ziweto ndipo pamenepo ndikufuna mukawauze madokotala mawa lomwe. Pali tizilombo tina tosamera m'mabotolo wamba olo munthu asanamwe mankhwala alionse. Coxiella, koyambitsa Q fever, kamachokera ku mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe makamaka nthawi yobereka, munthu amakapuma ndi fumbi la m'khola kapena pogwira zotuluka chiweto chikaswa. Brucella amabwera ndi mkaka wosawiritsa komanso kugwira ziweto zimene zataya bere. Bartonella amafala kudzera mu nsabwe za m'zovala ndi amphaka. Madokotala a pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town atayamba kuyeza mwadongosolo odwala amene mabotolo awo sankamera, anapeza kuti Bartonella ndi amene ankatsogola pa gulu limeneli, chinthu chimene kale sichinkaganiziridwa kwenikweni. Tizilomboti timapezeka ndi mayeso ena a magazi oyang'ana asilikali amene thupi lapanga, kapena PCR yoyang'ana chibadwa cha kachilomboko, ndipo mankhwala ake ndi osiyana, pamalowa doxycycline. Ndiye mbiri yoti bambowa amathandiza mbuzi kubereka kapena amamwa mkaka wongokama kumene ikhoza kusintha chithandizo chonse.

Za kuyerekeza zija, madokotala sangolota. Pali ndondomeko imene dziko lonse limagwiritsa ntchito, Duke criteria, inatuluka ku Duke University ku America mu 1994, anaikonzanso mu 2000 ndi mu 2023. Imaphatikiza umboni, zimene echo yaonetsa pa vavu, zimene magazi aonetsa, kutentha thupi kofika 38, vuto la mtima limene munthu anali nalo kale, zizindikiro zoti tizidutswa tathothoka kupita ku ubongo, impso kapena kapamba. Ngati echo yaonetsa kachotupa pa vavu ndipo zinazi zilipo zokwanira, matenda amatsimikizika ngakhale botolo lisanamere. Afunseni modekha kuti echo inaonetsa chani, ndi ufulu wanu kudziwa. Masabata 6 aja si nkhanza, mankhwala amavutika kulowa mkati mwa kachotupako ndiye pamafunika mlingo waukulu kwa nthawi yaitali, akadukiza pakati tizilombo timadzukanso.

Ndili ku Johannesburg, anandiika vavu yachitsulo zaka zinayi zapitazo ndimamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ndakhala ndikutentha thupi ndi kufooka, echo ya pachifuwa akuti ili bwinobwino koma akufunabe kundilowetsa chipaipi kukhosi kuti aonenso. Ine ndikuopa komanso ndikuona ngati akungofuna ndalama, poti sikani yoyamba yanena kale kuti palibe vuto.
Mnyamata wa ku Mangochi

Achimwene lolani akuunikeni, apa sakukuberani. Echo ya pachifuwa imaona mtima kudzera pakhungu, nthiti ndi mapapo, ndiye tizotupa tating'ono imatha kutiphonya. Pa vavu yachibadwa imapeza mwina 7 pa 10 alionse, koma pa vavu yoikirira ngati yanuyo imatsika kufika pafupifupi theka chifukwa chitsulocho chimabweza mafunde a makinawo nkupanga mthunzi kuseri kwake, ndipo kuseri komweko ndi kumene mafinya amakonda kusonkhana, m'mphepete mmene anasokerera vavuyo. Kummero kumadutsa kuseri kwenikweni kwa mtima, ndiye kamera ikalowa mmenemo imaona chapafupi popanda nthiti kutchinga, ndipo imapeza 9 pa 10 kapena kuposa. Amakuuzani kuti musadye maola angapo, amapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi ndi kukupatsani ogonetsa pang'ono, kuunika kwenikweniko sikutenga nthawi yaitali, pambuyo pake kukhosi kumangokanda tsiku limodzi kapena awiri. Auzeni za warfarin ngakhale akudziwa kale, komanso ngati mumavutika kumeza kapena munasanzapo magazi.

Ndipo musadabwe ngati iyinso itatuluka bwino koma iwo nkunena kuti tibwerezenso pakatha masiku 5 mpaka 7. Kachotupa kamene lero sikakuoneka sabata yamawa kamakhala katakula. Kumene mulikonso zipatala zina zili ndi njira zina zounikira zotchedwa CT ya mtima ndi PET, zimene zimathandiza kwambiri pa mavavu oikirira pomwe echo yasiya chikaiko. Chimene ndikukupemphani ndi chimodzi, musamwe antibiotic aliyense wa mnzanu kapena wogula asanakutengeni magazi a m'mabotolo. Mukayamba kubanika, kutupa miyendo, kapena dzanja kapena mwendo kuchita dzanzi, pakamwa kupotoka, musadikire tsiku la appointment pitani ku casualty nthawi yomweyo.

Mchemwali wanga wa zaka 24 anachira bwinobwino mwana ali ndi miyezi iwiri. Chichokereni kuchipatala wakhala akudwaladwala kutentha thupi, ndiye sabata yatha anangogwa mbali imodzi yafa kulankhula sakulankhula bwino. Kumudzi akuti mtsikana sangadwale sitiroko, ndi zaanthu. Kuchipatala akuti akufuna kuunika mtima. Mtima ukukhudzana bwanji ndi kufa ziwalo?
Mlongo wake, Mulanje

Zikukhudzana kwambiri achimwene, ndipo amene waganiza zounika mtimayo waganiza bwino. Kachotupa ka pa vavu nkofewa, vavu imatseguka ndi kutseka nthawi pafupifupi 100,000 patsiku, ndiye kachidutswa kamatha kuthothoka nkuyenda ndi magazi mpaka kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Kwa odwala ena sitiroko ndiye chizindikiro choyamba chimene chimawafikitsa kuchipatala, matenda atakhala mthupi masabata ambiri. Wachinyamata amene wafa ziwalo thupi likutentha, endocarditis imayenera kukhala m'maganizo mwa dokotala pamodzi ndi matenda oumitsa khosi (meningitis), TB ya mu ubongo ndi matenda obwera ndi HIV. Palinso vavu yothina chifukwa cha rheumatic heart disease, imene amayi ambiri amaidziwa koyamba ali oyembekezera kapena atangochira chifukwa nthawi imeneyo mtima umagwira ntchito yaikulu, nayonso imatha kuundanitsa magazi mumtima nkubweretsa sitiroko popanda kachilombo. Echo ndi blood culture ndi zimene zingasiyanitse ziwirizi, ndipo kusiyanitsako nkofunika zedi chifukwa mankhwala osungunula magazi amene amathandiza pa vuto linalo akhoza kuchititsa magazi kutayikira mu ubongo ngati vuto ndi tizilombo.

Tizilombo timapeza njira nthawi ya uchembere, kudzera m'chiberekero, pabala la opaleshoni, kapena pa kanyula wa diripi amene wakhalitsa pamkono mpaka pamalopo kufiira ndi kutupa. Staphylococcus aureus, kachilombo kokhala pakhungu, ndi koopsa kwambiri chifukwa kamagwira ngakhale vavu yabwinobwino ndipo kamaiboola m'masiku ochepa. Mukakumbukira kuti panali chithupsa, bala lotuluka mafinya kapena mkono unatupa pamene panali diripi, kawauzeni. Achibale akumudzi musakangane nawo, auzeni kuti kuchipatala apeza poyambira ndipo pakufunika masiku, mapemphero abwere kuwodi konko koma wodwala asachoke. Mwana apitirize kuyamwa ngati madokotala avomereza mankhwala amene mayi akulandira.

Ndili ndi vuto la vavu ndipo dzino likundipweteka labooka, anzanga akuti ndisakachotse chifukwa tizilombo tilowa mumtima. Ndingomwa panado?
Wowerenga, Mzuzu

Ayi, dzino lobookalo ndi limene lili loopsa kuposa kulichotsa. Nkhama zotupa zotuluka magazi zimalowetsa tizilombo ta mkamwa m'magazi tsiku lililonse mukamatafuna kapena kutsuka mano, pomwe kuchotsa dzino ndi kamodzi. Pitani kwa dokotala wa mano weniweni, osati ozula mano pamsika, mutenge buku lanu ndipo muwauze za mtima asanakugwireni. Amene ali pachiopsezo chachikulu, monga oikidwa vavu, amene anadwalapo endocarditis, ndi ena obadwa ndi vuto la mtima, amapatsidwa antibiotic kamodzi kokha mphindi 30 mpaka 60 asanayambe, kawirikawiri amoxicillin magalamu awiri kwa wamkulu. Ngati mumabayitsa penicillin mwezi ndi mwezi kapena penicillin amakuwengani nenani, akupatsani mtundu wina, ndipo ngati mumamwa warfarin ayambe ayeza INR, kuona mmene magazi anu akuundanira. Mukachotsa dzino nkuyamba kutentha thupi masiku kapena masabata otsatira, bwererani kuchipatala mukanene zinthu ziwirizi pamodzi, vavu ndi dzino, ndipo mupemphe kuti akutengeni magazi a blood culture musanayambe mankhwala ena alionse.